Msampha wake ndi “zoonadi bwana”

Mu June 2006, phungu wa nyumba ya malamulo ya ku America, a Lynn Westmoreland a chipani cha Republican ochokera ku Georgia, anakhala pansi kucheza ndi wanthabwala Stephen Colbert pa pulogalamu ya The Colbert Report. Bambowa anali m'gulu la aphungu amene ankafuna lamulo loti Malamulo Khumi a m'Baibulo apachikidwe poonekera m'nyumba ya malamulo. Colbert sanawatsutse. Anawamvetsera ndi nkhope ya munthu amene wakumana ndi mkulu wanzeru, kenako anawapempha kanthu kakang'ono, kuti atchule Malamulo Khumiwo. A Westmoreland anayamba: usaphe, usaname, usabe. Atafika pamenepo mawu anawathera. Colbert, zala zili m'mwamba akuwerengera, anangodikira, mpaka phunguyo anavomera yekha kuti sangathe kuwatchula onse.

Anthu akamakamba za macheza otere amakonda kunena kuti wanthabwala wagonjetsa wandale, ngati kuti panali mtsutso ndipo wina wasowa chonena. Pamenepo panalibe mtsutso uliwonse, ndipo chinsinsi chake chagona pomwepo. Wandale amene wakhalitsa pa ndale anaphunzira kale kuyankha womutsutsa. Ali ndi alangizi omuphunzitsa kuzemba funso, kubwereza mfundo imodzi katatu, ndi kuloza chala chipani china zikamuvuta. Chimene sanaphunzire ndi kudziteteza kwa munthu womuvomereza, womuuza kuti “zoonadi bwana, pitirizani.” Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Luso limeneli ndimalipatsa ulemu, ndipo ndimaseka nalo ngati wina aliyense. Koma ndimaona kuti limagwetsa kwambiri ang'onoang'ono ndi osakonzeka, pomwe akuluakulu ochenjera amatulukamo atapindula, ndipo oonera amapita kukagona akuganiza kuti china chake chasintha.

Alendo amene ndikunena ndi andale a mbali yosunga mwambo. Ku America ambiri ali mu Republican, ku Britain mu Conservative. Nkhani zawo zazikulu ndi chipembedzo, banja, asilikali, misonkho yotsika, ndipo ku America ufulu wokhala ndi mfuti. Olemba mapulogalamu a nthabwala a ku New York ndi London ambiri amapendekera mbali inayo, ndipo sabisa. Anthu odzaonerera mu situdiyo nawonso ndi otero. Choncho wandale wosunga mwambo akaitanidwa amadziwa kuti akupita kwa anthu osamufuna, ndipo amabwera atamanga lamba. Wanthabwala wochenjera amadziwa kuti munthu wotereyu sangamugwetse pomulimbana naye maso ndi maso. M'malo mwake amadzisandutsa mmodzi wa iwo.

Colbert anachita zimenezi kuyambira 2005 mpaka 2014 pa kanema ya Comedy Central. Ankasewera ngati muulutsi wodzikonda, wokonda dziko lake mopyola muyeso, wokhulupirira za mumtima mwake kuposa za m'mabuku, ndipo chitsanzo chake chachikulu anali Bill O'Reilly wa Fox News. Situdiyo yake inali yodzaza ndi mbendera ndi ziwombankhanga. Alendo ake sankawabisira. Asanalowe pa kamera ankawauza kuti munthu amene akasewereyo ndi mbuli yodzifunira, ndipo ntchito yawo ndi kumuchotsa umbuliwo. Kwa mlendo wa Democrat zimenezi zinali zosavuta, chifukwa ankangotsutsana ndi chitsiru. Wa Republican ndiye anali pa mavuto. Munthu wakhala patsogolo pako akunena zimene iwe umanena pa misonkhano, koma wazikoka pang'ono mpaka zayamba kumveka zopusa. Ukamuvomereza wavomereza zopusazo. Ukamukana wakana theka la zimene unalonjeza okuvotera.

Nanga amabwereranji? Chifukwa achinyamata amene saonera nkhani za madzulo amaonera nthabwala, ndipo phungu wa dera losadziwika sapeza kawirikawiri mphindi zisanu pa kanema ya dziko lonse. Komanso wandale aliyense amakhulupirira kuti iyeyo ndi wochenjera kuposa amene anakodwa dzulo. Ena amakhala akunena zoona. A Mike Huckabee, amene anali m'busa wa Baptist asanakhale bwanamkubwa wa Arkansas, ankapita kwa Colbert mobwerezabwereza pamene ankafuna mpando wa upulezidenti. Ankaseka naye, kumubwezera nthabwala, mpaka kumasereula kuti adzamutenga kukhala wachiwiri wawo. Mu January 2008 anapambana chisankho chachipulula cha ku Iowa. Sindikunena kuti Colbert ndi amene anawapambanitsa. Koma munthu amene ankaoneka ngati mlaliki wakumudzi anaonekera kwa achinyamata ngati bambo wochezeka, ndipo sanasinthe mfundo yake ngakhale imodzi kuti apeze zimenezo.

Macheza amene ndimawaikira kumbuyo ndi mtima wonse ndi ngati a Westmoreland aja, amene mlendo amayesedwa ndi mawu ake omwe. Chitsanzo china chinachitika mu October 2013, pamene Aasif Mandvi wa pulogalamu ya nthabwala ya The Daily Show anapita ku North Carolina kukacheza ndi a Don Yelton, mmodzi wa atsogoleri a Republican m'dera la Buncombe. Boma la kumeneko linali litakhazikitsa lamulo lokhwimitsa kavotedwe, lofuna chiphaso chokhala ndi chithunzi ndi kuchepetsa masiku ovota chisankho chisanafike. Akuluakulu a chipani ankati cholinga chake ndi kuletsa kubera mavoti. Mandvi anangowalola a Yelton kulankhula, ndipo iwo anamasuka. Ananena kuti lamulolo likhaulitsa a Democrat, ndipo kuti ngati lipweteka anthu akuda aulesi ofuna kupatsidwa zonse ndi boma, zikhale choncho. Panafika poti Mandvi anawafunsa ngati akudziwa kuti anthu akuwamva. Tsiku lotsatira chipani chinawauza kuti atule pansi udindo, ndipo anatula.

Palibe amene anawanamiza a Yelton. Ankadziwa pulogalamu imene akucheza nayo, kamera inali patsogolo pawo, nkhani inali lamulo lenileni. Ananena zimene ankaganiza chifukwa wofunsayo sanawaopseze. Mtolankhani wa nkhope yolimba akanalandira yankho lokonzedwa kale la kubera mavoti. Koma taonani amene anagwa. Anali munthu wapansi m'chipani, amene akuluakulu anamutaya msanga ndi kusamba m'manja. Aphungu amene analemba lamulolo anakhalabe pa mipando yawo, lamulo linakhalabe. Linadzagwetsedwa mu July 2016 ndi khothi la apilo, oweruza atasanthula zikalata ndi kupeza kuti opanga lamulolo anayamba afufuza kaye momwe anthu akuda amavotera, kenako n'kuletsa njira zomwezo.

Pali mtundu wina wa macheza umene anthu amauphatikiza ndi umenewu, koma ine ndimausiyanitsa. Ndi uja woti mlendo sadziwa n'komwe kuti akulankhula ndi wanthabwala. Ku Britain, Chris Morris anapeka mankhwala ozunguza bongo otchedwa Cake pa pulogalamu ya Brass Eye, imene inaonetsedwa pa Channel 4 mu 1997. Anapeza anthu otchuka n'kuwagwiritsa mbulu waukulu wachikasu, iwo akuchenjeza achinyamata ndi nkhope zachisoni. Mmodzi mwa iwo anali a Bernard Ingham, amene anali mneneri wa mayi Margaret Thatcher. Malemu David Amess, phungu wa Conservative, anafika polemba funso ku nyumba ya malamulo kufunsa boma za mankhwala amene kulibe. Mfundo ya Morris inali yomveka: anthu awa amadzudzula chilichonse chimene auzidwa kuti n'choopsa kwa ana, osafunsa ngati chilipodi.

Sacha Baron Cohen, wanthabwala wa ku Britain, ndiye anafika nazo patali. Anayamba ngati Ali G, mnyamata wosaphunzira wovala maunyolo, amene akuluakulu ankamuyankha moleza mtima poganiza kuti akuphunzitsa achinyamata. Mu 2018, pa Who Is America? ya Showtime, anabwera ngati Erran Morad, msilikali wa ku Israel wodziwa kuthana ndi zigawenga. Kusankha kumeneku sikunali kwa mwangozi. Kwa wandale wa Republican, msilikali wa ku Israel ndi munthu amene sungamukayikire, ndipo kumukana kumaoneka ngati mantha. Morad ankayenda ndi ganizo loti ana a ku mkaka aphunzitsidwe kuwombera mfuti kuti azidziteteza kusukulu. A Trent Lott, amene anatsogolerapo chipani chawo ku Senate, aphungu Dana Rohrabacher ndi Joe Wilson, komanso a Joe Walsh amene anali phungu kale, onse anaonekera pa kanema akuyamikira ganizolo. A Dick Cheney, wachiwiri kwa pulezidenti George W. Bush, anasayina dzina lawo pa chigubu chimene Morad anati ndi chozunzira akaidi ndi madzi.

Kuseka ndinaseka, koma funso silichoka: kodi zimenezi zikutiuza zimene anthuwa amakhulupirira, kapena zikungotiuza kuti munthu amene waitanidwa ndi ulemu amachita manyazi kukana? A Walsh anafotokoza pambuyo pake kuti anawaitanira ku Washington kuti akalandire mphoto ya ubwenzi wawo ndi Israel, ndipo mawu a mfuti aja anangowawerenga pa galasi limene linali kutsogolo kwa kamera. Kuwerenga chilichonse chimene wapatsidwa ndi mlandu ndithu kwa munthu wofuna kupanga malamulo. Koma ndi mlandu wa ulesi ndi kukonda kutamandidwa, ndipo pulogalamuyo inaugulitsa ngati umboni woti a Republican akufunadi kupatsa makanda mfuti. Chodabwitsa n'chakuti amene anakana anali a Matt Gaetz a ku Florida, munthu amene sadziwika ndi kudziletsa. Iwo anati phungu sangovomereza ndondomeko chifukwa wangoimva kumene, ndipo Cohen anawaonetsa akukana choncho.

Wogwa kwambiri anali a Jason Spencer, phungu wa nyumba ya malamulo ya Georgia. Morad anawauza kuti akuwaphunzitsa kudziteteza kwa zigawenga, ndipo iwo anakuwa mawu onyoza anthu akuda, anavula buluku n'kumathamangira cha m'mbuyo. Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwawo, palibe wowapepesera. Anatula pansi udindo kumapeto kwa July 2018. Komabe bambowa anali atagonja kale pa chisankho chachipulula mu May chaka chomwecho, ndale zawo zinali zitatha. Iwo anati analandirapo mauthenga owaopseza kuti aphedwa, ndipo opanga pulogalamuyo anapezerapo mwayi pa mantha awo. Munthu wamantha, wogonja kale, wa mpando waung'ono: ameneyo ndiye anali nyama yaikulu ya pulogalamu yonse.

A Roy Moore a ku Alabama, amene mu 2003 anachotsedwa pa udindo wa mkulu wa oweruza atakana kuchotsa chimwala cha Malamulo Khumi m'bwalo la milandu, anayesa njira ya khothi. Morad anawayendetsa pathupi kachipangizo kabodza kamene ankati kamalira kakayandikira ogwirira ana, potengera zimene amayi ena anawaneneza mu 2017, zimene iwo amakana. Kachipangizoko kanalira, a Moore anadzuka n'kutuluka. Anasumira Cohen kufuna madola 95 miliyoni. Anagonja mu 2021, anagonjanso pa apilo mu 2022, ndipo chifukwa chachikulu chinali pepala limene anasayina asanajambulidwe, lovomera kuti sadzasuma. Woweruza wamkulu wakale anasayina pepala lomumanga manja. Macheza onsewa amaima pa pepala lotero, limene oonera saliona.

China chimene oonera sachiona ndi lumo la wodula kanema. Macheza a ola lathunthu amasanduka mphindi zinayi. Kukhala chete kumene tikuseka mwina kunali kwa funso lina. Ofesi ya a Westmoreland inanena kuti bwana wawo anatchula malamulo oposa atatu, ngati asanu ndi awiri, koma enawo anadulidwa. Ngakhale zitakhala zoona, asanu ndi awiri si khumi, ndipo munthu wofuna kuwapachika pakhoma la boma ayenera kuwadziwa. Koma mfundo yawo ndi yoona pa macheza onse ojambuliratu: wandale amayankha kamodzi, wodula kanema amasankha kakhumi. Ifenso oonera timakhululukira lumo likamadula munthu amene sitimukonda.

Msamphawu sukola mbali imodzi yokha. Mu 2006 Colbert yemweyo ananyengerera a Robert Wexler, phungu wa Democrat wa ku Florida amene analibe wopikisana naye, kuti anene pa kamera kuti amakonda kokeni chifukwa n'zosangalatsa. Chaka chotsatira a Rahm Emanuel, mmodzi wa atsogoleri a chipanicho m'nyumba ya malamulo, analangiza aphungu atsopano a Democrat kuti asamapiteko. Ndipo a Tony Benn a chipani cha Labour ku Britain, atakumana ndi Ali G osadziwa kuti ndi sewero, anangomutsutsa mosapita m'mbali pa zimene ankanena za akazi ndi anthu ogwira ntchito, ndipo anatuluka ndi ulemu wawo wonse. Chimene chimapulumutsa munthu ndi kukhala ndi mfundo imene sangaisiye pofuna kusangalatsa amene wakhala naye. Osunga mwambo amakodwa ambiri chifukwa otchera misampha ambiri ali mbali inayo, ndipo anaphunzira bwino yunifolomu imene alendo awo amaiweramira.

Tsopano tione amene sagwa. Mu January 2010 Jon Stewart, amene ankatsogolera The Daily Show, analandira a John Yoo, loya amene ali ku unduna wa zachilungamo mu ulamuliro wa Bush analemba zikalata zololeza njira zankhanza zofunsira akaidi. Oonera ankayembekezera kuti munthuyu aona zakuda. A Yoo anabwera akumwetulira, akulankhula motsitsa ngati mphunzitsi wa ku yunivesite ya Berkeley amene alidi. Funso lililonse la chikumbumtima ankalisandutsa funso la malamulo, n'kumafotokoza mbiri ya mphamvu za pulezidenti pa nthawi ya nkhondo. Stewart anasowa pogwira. Tsiku lotsatira anavomera pa pulogalamu yake kuti munthuyo anamupulumuka, kuti zinali ngati kufunsa mafunso mchenga. Nthabwala imafuna mlendo amene achite manyazi, akwiye, kapena adzitame. Wodekha amene akudziwa nkhani yake kuposa womufunsa sapereka chilichonse mwa zitatuzi.

Ndiye pali amene amadya nthabwalazo n'kunenepa nazo. A Boris Johnson anaonekera koyamba pa Have I Got News for You ya BBC mu 1998, ali mtolankhani. Ian Hislop, mmodzi wa anthu okhazikika pa pulogalamuyo, anawapanikiza ndi nkhani ya tepi imene mnzawo Darius Guppy ankawapempha adiresi ya mtolankhani wina kuti akamumenyetse. A Johnson anachita chibwibwi, anakanda tsitsi lawo losapesa, anthu anaseka, ndipo nkhani yoopsa ija inasanduka gawo la sewero. Anabwereranso kangapo, mpaka anayamba kuitanidwa kudzatsogolera pulogalamuyo. Dziko linawadziwa ngati munthu woseketsa wosaopsa. Mu 2001 anakhala phungu, mu 2008 meya wa London, mu 2019 nduna yaikulu. Anthabwala ankaganiza kuti akuwaseka, koma iwo anali atazindikira kuti munthu amene wayamba kudziseka yekha sungamuchititsenso manyazi.

A Donald Trump anakumana ndi Ali G mu 2003, akuwagulitsa ganizo la magolovesi odyera ayisikirimu, ndipo anadzuka msanga n'kuchoka. Mu September 2016, kutatsala milungu yochepa kuti anthu avote, wanthabwala Jimmy Fallon anawasokoneza tsitsi pa kanema iwo akumwetulira, ndipo chithunzi chimenecho chinawathandiza kuposa malonda olipira. Ngakhale a George W. Bush, amene mu 2000 wanthabwala wa ku Canada Rick Mercer anawauza kuti nduna yaikulu “Jean Poutine” ikuwafunira zabwino, iwo n'kuthokoza osazindikira kuti dzina lenileni ndi Jean Chrétien ndipo poutine ndi chakudya cha tchipisi, analowa m'boma chaka chotsatira. Anthu a ku Canada anaseka, ovota a ku America sanasamale.

Chitsanzo chaposachedwa chimandipweteka kwambiri chifukwa macheza ake anali abwino. Mu March 2023 Stewart, pa pulogalamu yake ya pa Apple TV+, anakhala ndi a Nathan Dahm, amene panthawiyo anali senetala wa nyumba ya malamulo ya ku Oklahoma ndipo ankafuna kufewetsa malamulo a mfuti, komanso kuletsa amuna ovala zachikazi kuwerengera ana nthano, ati pofuna kuteteza ana. Stewart anawatsata pang'onopang'ono ndi mfundo yawo yomwe. Ngati boma lili ndi udindo woteteza ana, chimene chikupha ana ambiri ku America n'chiyani? Yankho, malinga ndi ziwerengero za boma kuyambira 2020, ndi mfuti. Kanemayo anafalikira pa intaneti, anthu mamiliyoni anaonera, ambiri akulemba kuti bamboyu watheratu. Patangopita miyezi iwiri, a Republican a ku Oklahoma anasankha a Dahm kukhala wapampando wa chipani chawo m'dera lonselo.

Apa pali chinthu chimene okonda mapulogalamuwa safuna kumva. Anthu awiri akhoza kuonera macheza amodzi n'kuona zinthu ziwiri zosiyana. Mu 2009 ofufuza a ku yunivesite ya Ohio State, motsogozedwa ndi Heather LaMarre, anaonetsa ophunzira oposa 300 kachigawo ka Colbert. Onse, osunga mwambo ndi a mbali inayo, anati ndi woseketsa. Kusiyana kunali pa tanthauzo. Osunga mwambo ambiri anaganiza kuti Colbert amangonamizira kuseka koma pansi pa mtima akunena zoona, pomwe enawo anaona kuti akunyogodola. Njira yovomereza ija ili ndi mtengo wake: amene akugwirizana ndi mlendo amamva kuvomerezako basi. Ndipo pamene kunyogodola kwaonekera poyera, ngati kwa a Dahm, otsatira ake amaona munthu wawo atazingidwa ndi anthu olemera a m'tauni amene amawaseka iwonso. Kusekedwa ndi Stewart kumasanduka chiphaso chosonyeza kuti ndiwe wawo weniweni.

Trevor Noah, mwana wa ku Johannesburg amene anatenga mpando wa Stewart kuyambira 2015 mpaka 2022, anayesa njira ina. Kumapeto kwa November 2016 analandira Tomi Lahren, mtsikana wa zaka 24 amene anatchuka ndi makanema olalatira gulu la Black Lives Matter ndi wosewera mpira Colin Kaepernick, amene ankagwada nyimbo ya fuko ikamaimbidwa. Noah sanavale chigoba chilichonse. Analetsa anthu a mu situdiyo kumukuwiza mlendoyo, ndipo anabwereza funso limodzi modekha: ngati kuguba mumsewu n'kolakwa, kugwada chete n'kolakwanso, munthu wakuda adandaule bwanji? Yankho lolunjika silinabwere. Ena anamudzudzula Noah kuti wapatsa mtsikanayo bwalo ndi ulemu zimene sanayenere, ndipo n'zoona kuti dzina la Lahren linakula pambuyo pake. Ine ndimaona kuti woonera amene anali asanasankhe mbali anapindula kwambiri ndi funso losayankhidwa lija kuposa ndi buluku la a Spencer. Anaona yekha pamene mfundo inathera, popanda womuuza poti aseke.

Wina anganene kuti ndikusenzetsa anthabwala katundu amene si wawo. Stewart mwini ankakonda kudziteteza choncho. Mu October 2004, atapita pa Crossfire ya CNN kukadzudzula Tucker Carlson ndi Paul Begala kuti mikangano yawo ikuwononga dziko, Carlson anamubwezera kuti nayenso anafunsa mafunso ofewa a John Kerry, amene ankaimira Democrat pa chisankho cha pulezidenti chaka chimenecho. Stewart anayankha kuti pulogalamu imene imabwera yake isanayambe ndi ya zidole zoimba mafoni achipongwe, ndiye asamuyerekeze ndi atolankhani. Yankholo linaseketsa, koma silindikhutiritsa. Munthu amene macheza ake amachotsetsa anthu ntchito, amene aphungu amalangizana za iye m'misonkhano ya chipani, sangathawire ku “ine ndi wanthabwala chabe” nthawi iliyonse imene wafunsidwa za chilungamo cha ntchito yake. Ngati akufuna kuti tikhulupirire zimene mlendo wanena, atiuze momwe mlendoyo anamuitanira ndi zimene zadulidwa.

Stewart mwini anachitapo zimenezi bwino, ndipo macheza amene ndimawaona ngati opambana onse ndi amene ambiri anawaiwala chifukwa munalibe wovula. Mu August 2009, bilu ya zaumoyo ya a Barack Obama ili mkati mokambidwa, mayi Betsy McCaughey, amene anakhalapo wachiwiri kwa bwanamkubwa wa New York, ankafalitsa zoti biluyo idzakakamiza okalamba kukumana ndi dokotala zaka zisanu zilizonse kuti awauze momwe angafupikitsire moyo wawo. Mayi Sarah Palin a Republican, amene anali bwanamkubwa wa Alaska, anali atangolemba pa Facebook za makomiti a imfa, ati makomiti a boma amene azidzasankha odwala oyenera kuthandizidwa, ndipo nkhaniyo inali itagwira moto. Mayi McCaughey anabwera ku The Daily Show atanyamula chifayilo chachikulu cha biluyo, n'kuchiika patebulo kuti aliyense aone kuti anawerenga.

Stewart anawapempha chinthu chimodzi, kuti amuonetse pamene palembedwa zimenezo. Mayiwo anayamba kutembenuza masamba, kupita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo. Atapeza ndimeyo anawerengera limodzi, mzere ndi mzere, ndipo zimene zinalembedwa zinali zoti boma lizilipira dokotala ngati wodwala wafuna kukambirana naye za chisamaliro chimene angakonde akadzadwala mwakayakaya, kuphatikizapo kupempha kuti madokotala achite chilichonse chomusunga ndi moyo. Mayiwo sanagonje, anaumirira kuti tanthauzo lobisika lilipo. Machezawo anatalika kupyola nthawi ya pulogalamu, ndipo Stewart anawaika onse pa intaneti osadula, kuti aliyense adziweruzire. Munalibe chinyengo, munalibe chigoba, mlendo anali munthu wophunzira amene anabwera atakonzeka, ndipo anayesedwa ndi pepala limene ananyamula yekha.

Kumapeto kwa chaka chimenecho bungwe lofufuza zonena za andale la PolitiFact linatchula nkhani ya makomiti a imfa kuti ndi bodza lalikulu la 2009. Koma aphungu anali atachita kale mantha. Ndime ija inasiyidwa, ndipo sinalowe m'lamulo limene a Obama anasayina mu March 2010. Boma linadzayamba kulipira madokotala pa zokambirana zoterezi mu January 2016, kudzera m'ndondomeko ya unduna, popanda phokoso lililonse.